Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Legal Aid Bureau: apezeni a ku Dedza tsiku la khoti lisanafike

Bwana Mkulu,

Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhani imene ndabwera nayo si ya munthu mmodzi, ndipo amene ikuwakhudza kwambiri ndi anthu oti kalata yawo singafike pa tebulo lanu. Ndikunena za amayi ndi abambo a kumapiri kuno ku Dedza, kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kamenyagwaza, kwa Chilikumwendo ndi madera ena, amene mabanja awo afika pothera. Mfundo yanga ndi imodzi. Munthu wakumudzi amawina kapena kuluza mlandu wa chisudzulo asanaponde n'komwe pakhomo la khoti. Zonse zimathera m'masabata aja amene amakhala akulira, akuyenda kwa ankhoswe, akulongedza ziwiya, osadziwa kuti woweruza adzafuna kumva chiyani ndi kuona chiyani. Ngati bungwe lanu likufuna kuti chilungamo chimufike munthu ameneyu, limupeze nthawi imeneyo, akadali ndi mpata wosonkhanitsa umboni. Kumupeza pa apilo, zinthu zitawonongeka kale, kuli ngati kuthira feteleza chimanga chitauma ngayaye.

Tisanamizane kuti kutha kwa mabanja ndi nkhani ya anthu ochepa kapena ya m'tauni. Kafukufuku amene Georges Reniers anasindikiza mu 2003, wochokera m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, anapeza kuti pa maukwati oyamba 100 aliwonse, pakati pa 40 ndi 65 amadzatha ndi chisudzulo, kutengera dera. Mchinji ndi kwa Achewa anzathu a chikamwini ndi chitengwa, ndiye palibe chifukwa choganizira kuti ku Dedza zinthu n'zosiyana kwenikweni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 830,512 m'boma lino. Maloya ambiri a m'dziko muno ali ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba, kumene kuli makampani ndi anthu otha kulipira. Mayi wa ku Mayani kapena ku Lobi amene akufuna loya wolipira ayenera kutsika phiri, kukwera minibasi pa msewu wa M1 ulendo wa makilomita oposa 80 kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe, n'kukalipira ndalama yoposa imene angapeze atagulitsa kachewere wa dimba lonse. Sapita. Amalowa m'khoti yekha, kapena salowamo n'komwe, amangonyamula ana ndi mapoto n'kubwerera kwa amayi ake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo athu pa nkhaniyi ndi abwino. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake, komanso chithandizo choyenera. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, linaika pa mlingo umodzi ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa chinkhoswe, ndipo limalola kuti khoti livomereze ngati ukwati kukhalira limodzi kwa zaka zosachepera 5. Gawo 74 la lamulo lomwelo limauza khoti kuti pogawa katundu liyang'ane zimene aliyense amapeza, zimene ali nazo, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, ndi zimene anathandiza pa chuma cha banja, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Kunena mwachidule, kutunga madzi, kuphikira aganyu, kulera ana ndi kupalira nyemba zimawerengedwa. Aphungu amene anadutsitsa lamulo limeneli anachita ntchito yotamandika. Koma lamulo silidziyendera lokha kupita ku Thete, ndipo munthu amene sanamvepo za gawo 74 sangapemphe zimene gawolo limamupatsa.

Pali chinanso chimene maloya amachidziwa bwino koma anthu wamba sachidziwa. Mu 2017, pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, khoti lalikulu la apilo linagamula kuti kukhala pabanja pakokha sikuchititsa katundu yense kukhala wa onse awiri. Pamafunika kuonetsa kuti panali cholinga choti katunduyo akhale wa banja, kapena kuti winayo anathandizapo pomupeza. Wina angagwirizane ndi chigamulochi, wina angachitsutse, koma tanthauzo lake kwa munthu wa kumudzi ndi limodzi: mawu akuti "tinapezera limodzi" sakwanira, pamafunika umboni. Mbali inayo, chigamulo cha Justice Sylvester Kalembera cha mu 2020 chinaonetsa kutalika kwa mkono wa lamulo umboni ukakhalapo. Woweruzayu analamula kuti mayi amene anasenza banja pamene mwamuna wake ankaphunzira ku yunivesite alipidwe chifukwa cha gawo limene anachita pa maphunzirowo. Nkhaniyo inamveka dziko lonse. Zimene ambiri sanazione n'zakuti mlanduwo unalembetsedwa mu 2012. Zaka 8 munthu akudikira. Ndi amayi angati a ku Chimbiya amene angapirire zaka zotere, akuyendera High Court ndi ndalama za mthumba mwawo?

Tiyeni tione chuma cha banja wamba la kumapiri kuno, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Pali nyumba ya njerwa zootcha, ya malata 24 kapena 30, yomangidwa pang'onopang'ono m'zaka zingapo za zokolola. Pali dimba la kachewere, kabichi ndi tomato m'mbali mwa mtsinje, mwina lobwereka kwa amalume, mwina la lendi. Pali mbuzi zingapo, nkhumba, ngolo, njinga yamoto ya kabaza imene mnyamata wina amayendetsa n'kumabweretsa ndalama madzulo, ndiponso masheya ku banki m'khonde. Palibe chilichonse mwa izi chimene chili ndi chikalata chosonyeza mayina awiri. Njinga yamoto inalembedwa m'dzina la bambo chifukwa ndi amene anapita kukaigula. Malata anagulidwa ndi ndalama za matumba a kachewere amene vendala anadzapakira pa lole ku Bembeke, ndipo amene analandira ndalamazo m'manja ndi bambo, ngakhale kuti amene anathirira dimba ndi kheni m'mawa kukuzizira mu June ndi mayi. Umboni wa zonsezi ulipo, koma ndi womwazika ndipo suchedwa kutayika. Uli m'kope la mlembi wa banki m'khonde losonyeza amene anatenga ngongole ya feteleza. Uli m'mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba m'foni imene mwamuna angathe kulanda usiku wa mkangano. Uli m'mutu mwa mmisiri amene anamanga nyumba ndipo akukumbukira amene ankamulipira, ndi mwa aganyu amene anaumba njerwa. Munthu akauzidwa msanga, izi zonse angathe kuzisonkhanitsa pa sabata imodzi popanda kuwononga ndalama. Akapanda kuuzidwa, pofika tsiku la mlandu mbuzi zagulitsidwa, njinga yamoto "yabwerekedwa" kwa mchimwene ku Ulongwe kutsidya kwa malire a Mozambique, ndipo foni yasowa.

Tsiku la khoti lenilenilo limayenda mofulumira. Maukwati a chinkhoswe amathetsedwa ku bwalo la majisitireti, ndipo woweruza amakhala ndi milandu yambiri pa tsiku. Amamva wodandaula, amamva woyankha, amaitana ankhoswe kuti atsimikize kuti ukwati unalipo ndipo anayesa kuuyanjanitsa. Munthu amene sanakonzekere amathera nthawi yake yonse akufotokoza kupweteka kwa mtima wake: za mkazi wachibwenzi, za kumenyedwa, za mawu achipongwe a apongozi. Zimenezi n'zofunika posonyeza kuti banja lafikadi posakonzeka. Koma akafunsidwa za katundu amangotchula zimene zabwera m'mutu, kuiwala ngongole imene yatsala m'dzina lake ku banki m'khonde, kuiwala mbewu imene ili m'munda yosakolola. Zonena zake zimadutsa mwa womasulira n'kulembedwa m'Chingerezi, ndipo iye sadziwa ngati zalembedwa monga ananenera. Nthawi zina ukwati umathetsedwa tsiku lomwelo koma nkhani ya katundu wamtengo wapatali n'kutumizidwa ku High Court, komwe kwa ife ndi ku Lilongwe. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi. Amene walimba mtima n'kuchita apilo amakapeza kuti khoti lapamwamba limadalira kwambiri zimene zinalembedwa ku bwalo loyamba. Loya wanu, ngakhale akhale katswiri chotani, sangaikemo mboni imene sinaitanidwe kapena lisiti limene silinaperekedwe.

Ndisamveke ngati ndikuimira amayi okha, chifukwa kuno mwambo umaluma mbali zonse. Mwamuna wa chikamwini amamanga nyumba kwawo kwa mkazi, amabzala mitengo, amakumba chitsime pa dimba la apongozi. Banja likatha amauzidwa kuti atenge bulangete lake azipita, chifukwa malo ndi a mbumba. Mwambo umati kumangira mkazi nyumba ndi udindo wake, ndipo makhoti athu akhala akulemekeza udindo umenewu. Koma nanga golosale imene anamanga pambali pa nyumbayo, nanga mitengo ya bulugamu ndi paini imene yatsala zaka ziwiri kuti icheke matabwa? Mkazi wa chitengwa naye amakumana ndi zomwezo kumudzi kwa mwamuna: zaka 15 akulima munda umene sudzakhala wake, ndipo tsiku lochoka palibe chimene angazule n'kunyamula. Malo a makolo sagawidwa ngati mbuzi, ndipo ali ndi lamulo lakelake la 2016 ndi makomiti ake. Chimene chingathe kuwerengedwa ndi mtengo wa zimene munthu anaikapo pa malowo, ndipo kuwerengera kumeneku kumafuna munthu wodziwa kufunsa mafunso oyenera. M'boma limodzi lomweli muli Achewa, Angoni ndi Ayao, muli maukwati a mitala, muli maukwati amene anamangidwa lamulo la 2015 lisanayambe kugwira ntchito, amene lamulolo siliwakhudza mofanana ndi atsopano. Funso loti ukwati wanu ndi wa mtundu wanji ndipo unamangidwa liti limaoneka laling'ono, koma ndi limene limasonyeza khoti loyenera kupitako ndi lamulo loyenera kugwiritsa ntchito.

Pa nkhani ya ana sindichulutsa mawu, chifukwa mukuidziwa kuposa ine. Lamulo losamalira ana la 2010 limapereka udindo kwa makolo onse awiri, kaya ali pabanja kaya ayi. Vuto limakhala pa chiwerengero. Mayi akafunsidwa kuti akufuna ndalama zingati pa mwezi amatchula nambala ya m'mutu, bambo amati sagwira ntchito, ndipo woweruza amasowa poyambira. Mlimi wa kachewere salandira malipiro pa mwezi, amapeza ndalama zambiri kawiri kapena katatu pa chaka. Bambo amene ali ku Joni amatumiza ndalama akafuna. Munthu wokonzekera amabwera ndi mndandanda wa fizi, yunifolomu, sopo, chigayo ndi mankhwala, amabwera ndi umboni wa matumba amene bambo amakolola, ndipo amapempha kuti chithandizo chiziperekedwa mogwirizana ndi nyengo yokolola. Lamulo lotere limatsatika kusiyana ndi la mwezi ndi mwezi limene limasweka mwezi wachiwiri.

Pempho langa ndi ili, Bwana. Lamulo limene linakhazikitsa bungwe lanu, Legal Aid Act la 2011, silinena za kuimira anthu m'khoti kokha. Limatchulanso uphungu, thandizo pa zikalata, ndi kuphunzitsa anthu za malamulo. Mphamvu ndiye muli nazo kale. Ikani wothandizira maloya mmodzi amene ntchito yake yeniyeni ikhale ya mabanja m'boma la Dedza, ndipo asadikire anthu mu ofesi pa boma. Azipezeka pa tsiku la msika ku Bembeke, ku Linthipe, ku Chimbiya, ku Mayani, ku Lobi ndi ku Thete, pa ndondomeko yodziwika imene mafumu, mipingo ndi wailesi za m'dera angalengeze. Tsiku la msika munthu amatha kuchoka pakhomo popanda wofunsa kumene akupita, ndipo kwa mayi amene akuopa mwamuna wake zimenezi si zazing'ono. Wothandizirayo akhale ndi fomu ya m'Chichewa ya masamba awiri: mtundu wa ukwati ndi chaka chake, mayina a ankhoswe, ana ndi zaka zawo, katundu yense ndi chaka chimene anapezedwa, kumene kunachokera ndalama, amene angachitire umboni, ngongole zonse. Akhale pansi ndi munthuyo ola limodzi, amuuze khoti loyenera, ndalama zimene adzalipire potenga samani, ndi zimene woweruza angathe kapena sangathe kulamula. Pa milandu yambiri thandizo lidzathera pomwepo, munthu n'kukadziimira yekha ali ndi pepala m'manja. Yovuta, ya nyumba za pa boma, ya penshoni ya mphunzitsi, ya ana olimbirana, ipite kwa loya wanu fayilo ili yodzaza kale.

Ola limenelo lingathandizenso loya amene adzalandire mlanduwo. Anthu ambiri akumudzi amaona loya ngati wapolisi kapena ngati woweruza, ndiye amamubisira zinthu. Mayi sanena kuti nayenso anagulitsa nkhumba mobisa, bambo sanena kuti ali ndi mwana kunja, ndipo zimenezi zimadzatulukira m'khoti kuchokera pakamwa pa mnzake, loya n'kusowa chonena. Munthu ayenera kuuzidwa m'chinenero chake kuti zimene wauza loya wake ndi zachinsinsi, kuti choipa chimene wanena msanga chimakonzekereka, kuti loya sangalonjeze kuwina, ndiponso kuti mwini mlandu ndi iyeyo, ali ndi ufulu wofunsa pamene fayilo yake yafika. Ayeneranso kuchenjezedwa kuti asasaine pepala lililonse la mgwirizano limene sakulimvetsa, ngakhale alibweretse ndi amfumu, komanso kuti kubisa kapena kugulitsa katundu mlandu uli mkati kudzamutembenukira. Ndipo kumene kuli nkhanza, wothandizira ayambe ndi chitetezo, katundu pambuyo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kuletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba. Amayi ambiri amadziwa za ofesi ya Victim Support ku polisi, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti angathe kupempha khoti kuti wochoka m'nyumba akhale womenyayo.

Ndikudziwa zimene ena adzanene, ndipo choyamba chidzachokera ku mipingo ndi kwa akuluakulu ena: kuti kuphunzitsa anthu kukonzekera chisudzulo n'kupasula mabanja, kuti banja ndi kupirira. Nkhawa imeneyi ndikuilemekeza, chifukwa ana amene makolo awo asiyana amavutikadi. Koma ziwerengero za Reniers zinatengedwa kalekale, lamulo la 2015 kulibe, bungwe lanu kulibe, wothandizira maloya aliyense asanafike pa msika wa kumudzi. Mabanja ankatha ndipo akutha chifukwa cha nkhanza, mowa, chiwerewere, umphawi ndi maulendo a ku Joni. Kusadziwa malamulo sikunapulumutsepo banja, kumangosankha amene atuluke chimanjamanja. Ndikukhulupiriranso kuti mwamuna amene akudziwa kuti malata ndi njinga yamoto zidzagawidwa, ndipo fizi ya ana idzamutsata, amaganiza kawiri asanathamangitse mkazi wake chifukwa wapeza wina dimba litamuyendera bwino. Munthu amene wakhala pansi n'kulemba zonse zimene iye ndi mnzake anapeza pa zaka 20 nthawi zina amabwerera kwa ankhoswe ndi mtima wina. Wothandizira wanu sadzauza munthu kuti athetse banja. Adzamuuza zimene zili kutsogolo ngati lathadi.

Chachiwiri n'chakuti tili ndi ankhoswe ndi mafumu, ndiye maloya alowererapo chifukwa chiyani. Ankhoswe ndi mzati wa ukwati wathu, ndipo khoti lenilenilo limawafuna ngati mboni. Mafumu a ku Dedza aonetsa kale zimene angathe akagwirizana ndi lamulo: ntchito imene Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera ku sukulu inadziwika dziko lonse lapansi. Koma nkhoswe ndi mbale wa mbali imodzi, ndipo nthawi zina iyeyo ndi amene akulima dimba limene likukanganiridwa. Bwalo la amfumu lingagamule bwino, koma lilibe mphamvu yodula ndalama pa malipiro a munthu kapena yotumiza asherifu kukalanda katundu. Makhoti a makolo anathetsedwa dziko litasintha mu 1994, ndipo lamulo la makhoti a m'madera la 2011 silinabweretse mabwalo amene anthu ankayembekezera m'midzi. Ndiye pakati pa bwalo la amfumu ndi bwalo la majisitireti pali mpata waukulu, ndipo m'menemo ndi mmene anthu akugwera. Njira yabwino ndi kuwatenga ankhoswe ndi mafumu kukhala anzanu pa ntchitoyi. Fomu ija ikafike kwa nyakwawa aliyense. Banja likagwirizana pamaso pa ankhoswe za kagawidwe ka katundu ndi chithandizo cha ana, wothandizira wanu alembe mgwirizanowo bwinobwino, aonetsetse kuti palibe amene wakakamizidwa, n'kuupititsa kwa majisitireti kuti ukhale lamulo la khoti. Bungwe la PASI, limene linayamba ntchito ya othandizira maloya m'ndende zathu mu 2000, linaonetsa kale kudzera mu ndondomeko yake ya ankhalapakati a m'midzi kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino amatha kuthetsa mikangano yambiri isanafike ku khoti.

Chachitatu ndi cholemera kuposa zonse, ndipo chidzachokera mu ofesi yanu momwemo: ndalama n'zochepa, maloya ndi ochepa, ndipo m'ndende za Maula ndi Chichiri muli anthu oganiziridwa milandu yakupha amene akhala zaka osaweruzidwa. Munthu amene ufulu wake walandidwa ayenera kukhala patsogolo, sindikutsutsa. Koma zimene ndikupempha sizichotsa loya ngakhale mmodzi pa milandu imeneyo. Zikufuna wothandizira mmodzi, njinga yamoto, mafuta ndi mapepala. Mlandu wa banja umene wafika kwa loya wanu pa apilo, wopanda umboni, umadya masiku ambiri a loyayo ndi maulendo a galimoto, ndipo mapeto ake nthawi zambiri sakhala abwino. Ola limodzi loperekedwa pa chiyambi ndi lotsika mtengo kuposa zonsezo. Komanso milandu ya mabanja ndi ya upandu sizitalikirana monga zimaonekera pa mafayilo. Mkangano wa nyumba umene sunagamulidwe bwino ndi umene umadzabwera kwa inu chaka chamawa ngati mlandu wovulaza kapena wotentha nyumba. Mwana amene chithandizo chake sichinalamulidwe ndi amene amasiya sukulu n'kukwatiwa asanakwane zaka 18, zimene lamulo la 2015 lomwelo ndi kusintha kwa malamulo aakulu kwa 2017 zinafuna kuthetsa. Lamulo lanu limakulolaninso kugwira ntchito limodzi ndi mabungwe omwe si a boma, ndipo WOLREC, WLSA ndi bungwe la maloya achizimayi akhala pa nkhani za mabanja kwa zaka zambiri.

Chomaliza chidzachokera kwa maloya. Tonse tikukumbukira mkangano wa mu 2021, pamene bungwe lanu linapempha kuti othandizira maloya aziloledwa kuimira anthu m'makhoti ang'onoang'ono, Malawi Law Society n'kukana ponena kuti osauka nawonso ayenera kuimiridwa ndi loya weniweni. Mfundo yawo ili ndi nzeru: uphungu wolakwika pa nkhani ya nyumba ungamusaukitse munthu moyo wake wonse. Ine ndimaona kuti bungwe lanu linali ndi mfundo yamphamvu, poti m'makhoti omwewo apolisi amene si maloya amazenga milandu tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa oweruza ake si maloya. Koma pempho la m'kalata ino silikudikira kuti mkangano umenewo uthe. Kuthandiza munthu kulemba mndandanda wa katundu wake ndi kupeza mboni zake si kuima pamaso pa woweruza. Ndipo ngati nkhawa ya maloya ndi ubwino wa uphungu, khomo lowalowetsera lilipo. Lamulo loyendetsa ntchito yawo limafuna kuti loya aliyense azigwirako ntchito yaulere yothandiza osauka. Pemphani Malawi Law Society kuti ena mwa maloya a ku Lilongwe amene amadziwa malamulo a mabanja azipereka nthawi imeneyo poyang'anira mafayilo a ku Dedza, kuwerenga mafomu, kuyankha mafunso a wothandizira pa foni, ndi kubwera pa boma kamodzi pa mwezi kudzaonana ndi eni milandu yovuta. Ulendo wake ndi wopita m'mawa n'kubwerera madzulo.

Ndikupempha kuti muyese ndondomekoyi kwa chaka chimodzi m'boma lino, ndipo muiyeze poyera. Gwirizanani ndi bwalo la majisitireti la Dedza kuti muwerenge milandu ya chisudzulo imene yalowa m'chakacho, ingati mwa iyo inatha ndi lamulo la kagawidwe ka katundu ndi chithandizo cha ana, ingati inali ndi munthu amene anakonzekeretsedwa, ndipo malamulo angati anatsatidwa patatha miyezi 6. Ziwerengerozo muziike mu lipoti lanu la pachaka, kuti aphungu a ku Dedza ndi komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo akhale ndi poyambira pokambirana bajeti yanu, ndi kuti maboma oyandikana nafe monga Ntcheu ndi Salima aone ngati njirayi ingawathandize. Nyengo yabwino yoyambira ndi yokolola, pamene ndalama za kachewere ndi nyemba zimalowa m'nyumba ndipo mikangano ya katundu imachuluka.

Ine wanu mwaulemu,

Mlembi wa kumapiri a Dedza